Aphunzitsi a Chilatini ku Chilangizo

Chaka changa chachitatu ku London, kampani yosamalira okalamba imene ndinkagwirako ntchito inandipatsa nyumba ina ku Romford, kuseri kwa msika, mumsewu wa nyumba zofanana ngati mano a chipeso. Anzanga awiri anali atayesako kale n'kupempha kuti awasinthe. Mayi a m'nyumbamo sankamenya munthu kapena kutukwana, monga amachitira okalamba ena mutu ukayamba kutembenuka. Vuto lawo linali kuphunzitsa. Umalowa kuti ukawasambitse, umatuluka utafunsidwa mafunso ngati uli m'kalasi, ndipo mawa lake ankakumbukira amene unalephera.

Anali atadutsa zaka makumi asanu ndi atatu. Moyo wawo wonse anaphunzitsa Chilatini pa sukulu ya atsikana, chinenero chimene ine ndinkangochimva m'nyimbo za Akatolika achikulire kwathu ku Dedza. Miyendo inali itayamba kuwakana, koma mutu unali wakuthwa kuposa wanga. Ndinkawaitana kuti aphunzitsi, chifukwa kwathu mphunzitsi amakhala mphunzitsi mpaka kumanda, ndipo iwo anakonda zimenezo.

Amuna awo anamwalira kalekale. Anali ndi mwana mmodzi, mwamuna wa imvi zongoyamba kumene, wogwira ntchito mu ofesi ina yaikulu m'kati mwa tauni. Iyeyu ndiye anali ndi mapepala a kwa loya oyendetsera zinthu za mayi ake, kuchokera pamene anagwa m'bafa n'kugona m'chipatala milungu ingapo, ndipo ndiye anasayina mgwirizano ndi kampani yathu. Sanali munthu woipa, ndinene zoona. Loweruka lililonse ankabwera ndi maluwa, ankasintha mababu, ankagwiragwira hita kuti aone ngati ikutentha. Pachitseko cha filiji anamatapo pepala la malamulo: mayi asakwere masitepe okha, asatsegulire chitseko munthu wosamudziwa, asatuluke iye osadziwa. Lomaliza analilemba ndi zilembo zazikulu, lakuti asamwe vinyo, chifukwa tsiku limene anagwa lija pa tebulo panali tambula.

M'mawa wina ndikuwapesa tsitsi, anandifunsa ngati ndikudziwa chifukwa chimene amuna a ku Roma wakale ankapsompsonera akazi a pachibale pawo popatsana moni. Ndinati mwina ndi chikondi. Anati ndalakwa. Mkazi wa Chiroma sankaloledwa kumwa vinyo, ndiye bambo ake, alongo ake, ngakhale asuweni, aliyense anali ndi ufulu womupsompsona kuti anunkhize m'kamwa. Panalinso nthano ya munthu wina amene anapeza mkazi wake atatungako mumtsuko, anamumenya ndi chibonga mpaka kumupha, ndipo mfumu sinamuzenge mlandu. Atamaliza anandiuza kuti Loweruka ndidzaonetsetse mwana wawo akamalowa.

Ndinaonetsetsa. Anawerama, anawapsompsona patsaya, koma sanaweramuke msanga. Mphuno inatsala pamenepo ikugwira ntchito yake. Aphunzitsi anandiyang'ana kudzera paphewa pake, nkhope ili phee ngati ya munthu amene ali pa Mgonero. Ine ndinathawira kukhitchini kukatsegula mpopi kuti kuseka kwanga kusamveke.

Kuyambira pamenepo nkhani za Aroma zinakhala ngati sopo, kusamba sikunkatheka popanda izo. Anandiuza mmene mzinda wa Roma unayambira ndi amuna okhaokha, othawa milandu ndi osowa kwawo, amene palibe anafuna kuwapatsa ana aakazi. Anakonza phwando, anaitana anthu a mtundu woyandikana nawo, ndipo masewera atafika pokoma aliyense ananyamula mtsikana n'kuthawa naye. Makolo atabwera ndi mikondo patapita nthawi, atsikana aja anali atabereka kale. Anathamangira pakati pa magulu awiriwo, makanda ali m'manja, kuchonderera kuti abambo awo ndi amuna awo asaphane. Aroma ankaikamba nkhaniyi monyadira, ngati umboni wakuti akazi awo anali amtendere.

Anandiuzanso kuti mkazi wa kumeneko, ngakhale akalambe mpaka mano kutha, ankayenera kukhala ndi mwamuna womuyang'anira pa nkhani za malamulo: bambo ake, kenako mwamuna wake, awa akamwalira wachibale wina. Pambuyo pake mfumu ina inalamula kuti amene wabereka ana atatu amasulidwe ku zimenezi. Anandifunsa kuti ndili ndi angati. Ndinati atatu.

"Ndiye inu ndinu mfulu," anatero. "Ine ndinabereka mmodzi. Mukuona nokha pafilijipo."

Apa mtima wa Chichewa unandikwera. Ndinawauza kuti kwathu zinthu n'zosiyana: mwamuna ndiye amasamuka kukakhala kwa mkazi, munda ndi wa mkazi, ana ndi a mtundu wa mayi, ndipo mkamwini akachita mwano amangomulozera njira, atanyamula bulangete lake. Anamvetsera ndi chidwi chenicheni, maso akuwala. Kenako anafunsa kuti nanga mwana akafuna kukwatiwa, kapena pakabuka mlandu wa munda, amalankhula ndani. Ndinati amalume. Anafunsa ngati amalumewo ndi mkazi. Ndinati ayi, ndi mlongo wa mayi. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, monga amachitira mphunzitsi akaona kuti wophunzira anayamba bwino samu koma wasokonezera kumapeto, ndipo anandipempha thaulo.

Nkhanizi ndinkazitengera kunyumba. Amuna anga, bambo a kwathu, ku Lilongwe anali wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu pa sekondale, munthu woti ana akamuona amakonza makolala. Kuno anabwera pa viza yanga, ndipo m'mapepala a boma analembedwa kuti wodalira ine. Tsiku lina ndinawaseka kuti chimenechi ndi chikamwini cha Angelezi. Sanaseke, ndipo sindinabwerezenso. M'kati mwa sabata ankakweza makatoni m'nyumba yosungiramo katundu cha ku Dagenham. Lamulungu ndilo linali tsiku lawo: ankavala suti n'kukhala mkulu wa mpingo ku tchalitchi chathu ku Peckham, m'chipinda chapamwamba pa sitolo yogulitsa nsomba zouma ndi zilazi, chimene tinkalowa anzathu a ku Nigeria akatuluka.

Madzulo ena ndikusita yunifolomu, ndinawafotokozera nkhani imene ndinamva tsikulo. Akuluakulu a asilikali a Chiroma anali kumsasa wa nkhondo, akumwa, ndipo anayamba kutsutsana kuti mkazi wabwino koposa ndi wa ndani. Anakwera akavalo kuti akawadzidzimutse. Akazi a enawo anawapeza ali paphwando ndi anzawo. Mmodzi yekha anamupeza pakhomo pake, akupota ulusi wa ubweya wa nkhosa pamodzi ndi antchito ake. Mwamuna wake anapambana mpikisanowo. Nditafika pamenepa foni ya bambo inalira, anali achimwene awo kumudzi, ndipo anatuluka nayo panja. Ine ndinapitiriza kusita. Mpaka lero sindidziwa ngati mbali yotsalayo ndinawauza atabwerako iwo n'kuiwala, kapena sindinawauze n'komwe. Iwo amati sindinawauze.

Mbali yotsalayo ndi iyi. Pagulu la amuna aja panali mwana wa mfumu, amene ataona mkazi wakhamayo anamusirira. Patapita masiku anabwerera yekha, analandiridwa ngati mlendo, ndipo anamugwirira atamuopseza ndi lupanga. Mkaziyo anaitanitsa bambo ake ndi mwamuna wake, anawafotokozera zonse, kenako anadzibaya ndi mpeni pamaso pawo. Amunawo ananyamula mtembo kupita nawo pabwalo, anthu anakwiya, mfumu inathamangitsidwa.

Lamulungu lotsatira abusa anali atachoka, ndipo ulaliki unagwera bambo a kwathu. Ndinali nditakhala mzere wachitatu pamene ndinamva akavalo aja akutuluka pakamwa pawo. Anaikamba bwino nkhaniyo, ndiwayamikire, uphunzitsi sunawachoke. Anafika pa ulusi paja n'kuima, n'kutiyang'ana amayi mmodzimmodzi, n'kufunsa kuti mwamuna akabwera modzidzimutsa adzatipeza tikutani. Theka la amayiwo anali atabwera molunjika kuchokera ku shifiti, nsapato za kuntchito zili m'zikwama, ena akusinza. Amene anali maso anati ameni.

Titatuluka, mayi busa anawafunsa bambo kumene anaitenga nkhani yokoma chonchi. Bambo anayankha monyadira kuti ndi kwa mzungu wina wophunzira kwambiri amene mayi a kunyumba amamusamalira. Mayi busa anandikokera pambali. Kunali kutatsala milungu itatu kuti tichite chilangizo cha mwana wa achimwene anga, nesi wa pa chipatala chachikulu, amene ankakwatiwa ndi mnyamata wa ku Mzimba. Anati atsikana a kuno satimveranso, chilichonse chimene tinena amati n'zakumudzi, koma akamva kwa mzungu, wophunzitsa sukulu, kuti ngakhale makolo a azungu ankalemekeza mkazi wokhala pakhomo, mwina zilowa. Ndibwere nawo.

Ndinayesa kuzemba. Ndinati ndi okalamba, sayenda, mwana wawo ndi wovuta. Mayi busa ndi munthu amene samva mawu akuti ayi ngakhale uwanene m'zinenero ziwiri. Ndiye Lolemba ndinawauza aphunzitsi zonse, ulaliki ndi pempho lomwe, ndikudalira kuti akana okha ndipo ine ndikhala ndi chokanena. Anaseka mpaka kutsokomola, ndinachita kuwamwetsa madzi. Atapezako mpweya anandituma kuti ndikatulutse diresi yawo yabuluu m'kabati, ione mphepo.

Chilolezo chinatenga sabata. Ndinamufotokozera mwana wawo kuti ndi mwambo wa tchalitchi, wa amayi okhaokha, wamasana, wopanda mowa. Anaganiza kaye, kenako anati n'zabwino kuti mayi ake aoneko chikhalidwe cha anthu ena. Manijala wathu anatulutsa fomu. Anasayina iye, ndinasayina ine, anasayina mwanayo. Aphunzitsi anaitembenuza fomuyo uku ndi uku kufunafuna mzere wawo, sanaupeze, ndipo anaibweza.

Tsikulo bambo a kwathu ndiwo anatiyendetsa pa galimoto ya mnzawo. Njira yonse ankawathokoza aphunzitsi chifukwa cha nzeru zimene zinathandiza mpingo, ndipo aphunzitsi ankayankha mwaulemu kuti ndi mwayi wawo. Pa holo imene tinabwereka ku Peckham amuna sankaloledwa kulowa, ndiye bambo anatsala m'galimoto ndi wailesi ya mpira.

M'katimo munali amayi odzaza mipando yonse, zitenje atazimanga pamwamba pa majinzi ndi majuzi. Mkwatibwi anamukhazika pamphasa kutsogolo, atamufunditsa chitenje kumutu, atazolika. Ameneyu ndi mtsikana amene ku wodi kwake madokotala achinyamata amamuopa, koma tsikulo anali ngati sadziwa kuwerenga mpaka teni. Pambali pake panali amayi ake, alamu anga, amene anali atangofika kumene kuchokera ku Malawi ndipo ankazizidwa ngakhale hita ili pafupi. Aphunzitsi tinawakhazika pampando wa ulemu, ndodo yawo ili pamiyendo, ine pambali pawo kuti ndiziwamasulira.

Alangizi anayamba. Mwamuna ndi mwana, umudyetse asanapemphe. Ukamupatsa madzi ugwade, ngakhale pa kapeti. Akakwiya uike madzi m'kamwa, usameze, usalavule, mpaka mkwiyo wake utatha. Foni yake si yako. Abale ake akabwera, ngakhale nyumba ndi ya chipinda chimodzi, nkhope isagwe. Zonsezi ndinkawanong'oneza aphunzitsi m'khutu, iwo akugwedeza mutu ngati akumva nkhani za achibale awo. Zitafika za kuchipinda, zimene zimayenda ndi nyimbo ndi chiuno, amayi ena anatembenuza ndowa kukhala ng'oma chifukwa eni holo analetsa ng'oma zenizeni. Apa ndinayamba kumasulira mwachidule kwambiri.

"Mwadumpha," anatero aphunzitsi.

Ndinati izi ndi zovuta kuziika m'Chingelezi.

"Mwana wanga, palibe chimene amayiwa akuvina chimene Aroma sanachijambule pakhoma la chipinda chodyera. Masulirani."

Ndinamasulira, maso ali pansi.

Kenako mayi busa anaimirira n'kuwalandira alendo athu ndi mawu ambiri, kuti ndi mayi amene anawerenga mabuku a makolo a azungu m'chinenero chawo chenicheni, ndipo atiuza za mkazi wakhama uja tinamumva ku tchalitchi. Anandipempha kuti ndizinena m'Chichewa chifukwa cha alamu anga ndi achikulire ena. Apa ndinazindikira kuti ndagwa m'mbuna yokumba ndekha: ambiri m'holomo Chingelezi ankachimva bwino, ndiye panalibe podumpha.

Aphunzitsi sanaimirire, koma mawu awo anafika mpaka kukhomo. Anayambira kumsasa kuja, amuna akumwa. Anafika pa ulusi, amayi anawomba m'manja. Anadikira kuti m'manjamo muthe, ndipo anapitiriza. Mwana wa mfumu, lupanga, bambo ndi mwamuna ataitanidwa, mpeni. Ine ndinkatsatira pambuyo pawo chiganizo ndi chiganizo. Anamaliza ndi mtembo uli pabwalo, amuna akulankhula za ufulu wa dziko atauzungulira. Anati ana a sukulu a ku Roma ankaphunzitsidwa nkhaniyi kuti adziwe mkazi wabwino mmene amakhalira, ndipo anapinda manja.

Kunja kunkamveka basi ikuima. Mayi busa ankayang'ana pepala la pulogalamu ngati pali china chimene chinalembedwa molakwika. Amene anayamba kulankhula anali alamu anga, mayi a mkwatibwi, amene chifikireni sanalankhule mawu opitirira moni.

"Afunseni," anandiuza, "nanga mwamuna wake uja, amene anayambitsa zopikisana ndi mkazi ngati tambala wa mpikisano, anamutani?"

Ndinafunsa. Aphunzitsi anati mfumu itathamangitsidwa anthu anasankha atsogoleri awiri olowa m'malo mwake, ndipo mmodzi anali iyeyo.

"Ndinadziwa," anatero alamu, n'kukokera juzi pachifuwa.

Mayi busa ndi msilikali wakale, sagonja pa chipolopolo chimodzi. Anamwetulira n'kunena kuti nkhaniyo ndi yomvetsa chisoni ndithu ndipo ikutiphunzitsa kusamala ndi alendo, koma mwina amayi athuwa ali ndi langizo limodzi lothandiza la makolo akalewo loti mwana wathu apite nalo ku banja. Aphunzitsi anati lilipo. Ku Roma, mkazi akakhala m'nyumba ya mwamuna chaka chathunthu osachokapo, malamulo ankamutenga kuti walowa m'manja mwa mwamunayo, monga mmene munthu amakhalira mwini wa mbuzi imene waisunga nthawi yaitali. Koma panali pothawira. Akagona kunja kwa nyumbayo masiku atatu otsatizana chaka chilichonse, kuwerenga kunkayambiranso, ndipo mwamuna sankakhala mwini wake.

Ndisanamalize n'komwe kumasulira, mayi wina wa kumbuyo, nesi wa zaka zambiri kuno, anafunsa mokweza ngati wamva bwino kuti masiku atatu pa chaka. Aphunzitsi anavomera.

"Ife a mashifiti a usiku timagona kunja anayi pa sabata," anatero mayiyo. "Ndiye amuna athuwa akhala akutilamula ndi chilolezo chotha ntchito."

Holo inaphulika. Amayi ankamenyana pamapewa, wina anagwetsa mbale ya mandasi, wa ndowa uja anaiombanso. Chitenje chimene anafunda mkwatibwi chinkagwedezeka, ngakhale mutu sanadzutse. Phokoso litachepa aphunzitsi anakweza chala, chifukwa mphunzitsi salola yankho latheka. Anati tisaiwale kuti mkazi wogona kunjayo sankakhala mfulu ayi, ankangotsala m'manja mwa bambo ake. Mayi busa analumphira pamenepo ngati mphaka. Anati mwamva nokha, ngakhale kwa azungu mkazi sakhala wopanda mutu, ndipo anayambitsa nyimbo. Choncho aliyense anatuluka m'holomo atapambana.

Pa chakudya panali thobwa. Alamu anga anabwera ndi chimera kuchokera kumudzi ndipo analiphika masiku anayi m'mbuyomo, koma posadziwa nyumba za kuno analisunga m'chigubu pafupi ndi hita. Linali litayamba kuluma lilime pang'ono, monga ambiri timalikondera. Aphunzitsi analawa, anati likukoma ngati phala limene lapita ku sukulu, ndipo anamwa makapu awiri. Amayi ankabwera mmodzimmodzi kudzawagwira dzanja. Mkwatibwi, atamuvundukula, anagwada pambali pawo n'kucheza nawo nthawi yaitali motsitsa mawu, ndipo nditayandikira anandiuza kuti azakhali, apa sipakufunika womasulira.

M'galimoto bambo anafunsa mmene zayendera. Aphunzitsi anati awamalizitsira ulaliki wawo. Bambo anathokoza kwambiri.

Tinafika ku Romford dzuwa lisanalowe, mwana wawo akudikira pakhomo ndi maluwa ake. Anawathandiza kutsika, anawerama, anawapsompsona, ndipo mphuno inapeza chimene inakhala ikufunafuna miyezi yonseyi. Anafunsa kuti mayi amwa chiyani. Ndinafotokoza kuti ndi thobwa, chakumwa cha chimanga ndi mawere chimene kwathu timamwetsa ana, amayi oyembekezera ndi abusa. Anandipempha kuti ndimulembere dzinalo, analifufuza pa foni, ndipo anapeza pamene analemba kuti chakumwachi chimawira chikakhalitsa. Sanakweze mawu. Anandithokoza chifukwa cha ulendowo n'kutseka chitseko.

Lolemba manijala anandiitana ku ofesi. Sanandichotse ntchito. Anati dandaulo lafika, kalata ilowa mu fayilo yanga, ndipo kuyambira mawa ndizipita ku nyumba zina cha ku Harold Hill. Ku nyumba ija ndisapiteko ngakhale kukatsanzika. Patapita sabata anandionetsa kalata ya masamba awiri imene aphunzitsi analemba ndi dzanja lawo, yofotokoza kuti anamwa mwa kufuna kwawo, ali ndi nzeru zawo zonse, ndipo akufuna ndibwerere. Manijala anati pa zaka zonse zimene wagwira ntchitoyi sanalandirepo kalata yolembedwa bwino chonchi, koma mgwirizano uli m'dzina la mwana. Anaiika mu fayilo momwemo, kuseri kwa inzake ija.

Kunyumba nako nkhani inafika, kudzera kwa amuna a amayi a mpingo. Patapita masiku angapo, tikudya, bambo ananena, osayang'ana munthu, kuti aganiza mofatsa ndipo aona kuti nthano za anthu achikunja n'zosayenera paguwa. Ndinavomereza, ndinawaonjezera ndiwo.

Panapita chaka ndi miyezi. Mnzanga amene anatenga malo anga anandiuza kuti aphunzitsi anagwanso, ulendo uno pa khonde, m'mawa, atamwa tiyi yekha, ndipo mwana wawo anawasamutsira ku nyumba ya okalamba cha ku Greenwich, pafupi ndi kwawo kwa iye. Kumeneko ndinali mlendo wamba, wosafuna fomu ya kampani, ndiye tsiku lina la ofu ndinakwera sitima n'kupita.

Ndinawapeza pawindo, atachepa thupi, bulangete lili pamiyendo. Anandizindikira ndisanalankhule ndipo funso loyamba linali la mkwatibwi uja. Ndinawauza kuti ali bwino, akugwirabe ntchito, ndipo wabereka mwana wamkazi. Dzina linachokera ku Mzimba pa foni, kwa agogo ake aamuna a mwanayo, monga mwa mwambo wa kumeneko. Koma amene anapita ku ofesi yolembetsa ana anali mayi wake, bambo ali kuntchito, ndiye dzina la ku Mzimba analiika pachiwiri, patsogolo n'kuika limene anasankha yekha. Agogowo mpaka pano sakudziwa, ndipo mwanayo ali ndi dzina la pa foni ndi dzina la pa pepala.

Aphunzitsi anati Aroma sankadzivutitsa chonchi. Mwana wamkazi ankangotenga dzina la banja la bambo ake, basi. Akabadwa wina wamkazi, dzina lomwelo, kungoonjezera kuti wamng'ono. Akachuluka ankawawerenga: wachitatu, wachinayi. Kenako anandifunsa kuti kunyumba amandiitana ndani. Ndinati chibadwire mwana wanga woyamba ndine mayi a iyeyo, kwa bambo, ku mpingo, ngakhale kwa amayi anga ondibereka. Anafunsa ngati zimandiwawa. Ndinaganiza kaye, chifukwa ndinkadziwa kuti sakonda yankho lothamangira, ndipo ndinawauza zoona, kuti ndimazikonda, ndipo munthu akandiitana ndi dzina langa lenileni ndimaona ngati ndalakwa kanthu.

Anafuna kulimva dzina lenilenilo, osati lachikhristu la pa baji ya kuntchito, koma la kumudzi. Ndinalitchula. Analiyesa katatu, lilime likupunthwa pa chilembo chachiwiri, ine ndikuwakonza, ndipo ndinaona kuti kukonza mphunzitsi n'kokoma. Anafunsa tanthauzo lake. Ndinawauza kuti ndi mawu odandaula, amene bambo anga ananena atauzidwa kuti kwabadwanso wamkazi, wachinayi, ndipo azamba anangowatola pomwepo n'kundipatsa.

"Komabe anapeka mawu," anatero aphunzitsi. "Wa ku Roma akanangoti wachinayi."

Mtsikana wogwira ntchito pamenepo analowa ndi mankhwala ndi kapu ya madzi, n'kunena kuti nthawi ya alendo yatsala pang'ono. Aphunzitsi anameza mapilitsiwo, kenako anamufunsa mtsikanayo ngati wakumbukira mawu atatu a Chilatini amene anamupatsa dzulo. Anakumbukira awiri. Ndinawasiya akulimbana ndi lachitatulo, ndinathamangira sitima, chifukwa nyemba ndinali nditaziviika m'mawa ndipo bambo ankaweruka sikisi koloko.